Chithunzi Chimene Ndinaononga pa Mlatho

Ku Polmadie, kummwera kwa mzinda wa Glasgow, kuli mlatho wina womwe pansi pake pamadutsa njanji zopita ku Mangalande. Si malo oti nkutengerako mlendo. Khoma lake ndi lakuda ndi utsi wakalekale, mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa, ndipo ukasuzumira pansi umangoona mawaya amagetsi atalukanalukana pamwamba pa njanji. Koma ine, kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, pafupifupi Loweruka lililonse ndinkakhala pamenepo, nditaima pa kreti ya mkaka kuti mutu wanga upitirire khoma, pambali pa bambo anga.

Tinabwera ku Scotland chifukwa cha mayi. Iwo anali namwino, ndipo atapeza ntchito pachipatala china cha ku Govan, dera lina la mumzinda momwemo, ine ndi bambo tinawatsatira patatha chaka. Kwathu bambo anali woyendetsa sitima. Ankanyamuka ku Limbe ndi mutu wa dizilo, ngolo zili ndondondo pambuyo, ndipo akatsika pasiteshoni anthu ankawapatsa moni ndi manja awiri. Kuno mapepala awo sanawathandize. Analemba makalata, anapita kukaonana ndi anthu atavala tayi, anadikira mayankho mpaka kutopa. Potsiriza anapeza ntchito yokolopa panyumba ina yosungirako okalamba. Ankayamba mmamawa, nkuweruka cha m'ma teni. Chovala cha ntchitoyo chinali kamalaya kobiriwira kopanda manja, kovala pamwamba pa zinzake, kokhala ndi thumba lalikulu kutsogolo loikamo nsanza. Akaweruka ankakabisa m'kati mwa jekete, nkukoka zipi mpaka pakhosi, ngakhale kunja kutatentha.

Amene anawalowetsa m'chizolowezi cha pamlatho ndi mkulu wina wa ku Govan, dzina lake a Ronnie, yemwe anapuma pa ntchito yowotcherera zitsulo kopangira sitima zapamadzi. Tsiku lina bambo akungoyendayenda posowa chochita anamva kulira kwa njanji, nakwera pamlathopo, napeza mzungu wokalamba ataima pa kamakwerero, kamera ili pakhosi, kabuku kali m'manja. Anayamba kucheza. Chizungu cha a Ronnie bambo ankamvapo theka, cha bambo a Ronnie ankamvaponso theka, koma akafika pa nkhani ya mabuleki ndi mawilo ankamvana bwinobwino.

Masewera ake ndi otere. Mutu uliwonse wa sitima uli ndi nambala yake, yolembedwa m'mbali. Pali timabuku tosindikiza momwe muli manambala onse, mtundu ndi mtundu. Ukauona mutuwo ndi maso ako, umajambula kamzere kunsi kwa nambala yake ndi rula. Ukautola pa kamera, chithunzicho chimalowa mu alubamu. Palibe mphotho, palibenso amene amabwera kudzafufuza ngati ukunena zoona. Amuna akuluakulu, ena ndi imvi zawo, amaima pamphepo tsiku lonse chifukwa cha kamzere ka bolopeni. Mayi atamva koyamba anaseka mpaka kugwira m'nthiti, nati matenda amenewa ndi a azungu okhaokha. Sankadziwa kuti ndi opatsirana.

Bambo anakonda mitu yamagetsi. Anathera zaka zambiri mu utsi ndi phokoso la dizilo, ndiye chinthu chokoka ngolo zonsezo popanda utsi chinkawazunguza mutu. Padenga pake pamakhala chitsulo chopindika ngati chigongono, chomwe chimakhudza waya nkumakoka moto, ndipo kukagwa chisanu chimathetheka timoto tabuluu. Anandiphunzitsa kuimva sitima isanaoneke. Mawaya ndi amene amayamba kulira, kachitsiii kapansipansi, kenaka njanji zimayankha, ndiyeno imatulukira pakona. Anandiphunzitsanso kugwira kamera: zigongono pathupi, mpweya m'kati, chala chidine mofatsa. Mtundu womwe anaukonda koposa unali wa ma eyite seveni, mitu ya manambala oyamba ndi 87, ya nkhope yafulati yachikasu, yomwe inali yokalamba kale pa nthawiyo. Ankati imagwira ntchito mosadzionetsera.

Lamulo la pamlatho lomwe linkandivuta kumvetsa linali lakuti pachithunzi pasaoneke munthu. A Ronnie ankati munthu amaononga chithunzi, ndipo ankatha kuileka sitima yabwino kuti ipite chifukwa choti wantchito wina waima m'mbali mwa njanji. Kwathu zinthu si zotero. Kwathu chithunzi chopanda munthu ndi kutaya filimu. Munthu amasamba, kudzola mafuta, kuvala zakutchalitchi, kuima pafupi ndi maluwa kapena galimoto la eni ake, ndiye wojambula nkumujambula. Bambo anazisiya zonsezo msangamsanga, ndipo lero ndikudziwa kuti lamulo la a Ronnie linawakomera pa zifukwa zawozawo. Chifikireni ku Glasgow sanalole kujambulidwa. Kutchalitchi anthu akamaima pamzere kuti ajambulitse, iwo ankathamangira kukagwira kamera.

Zithunzi zina ankatsukitsa ziwiriziwiri, china cha mu alubamu, china chotumiza kwa bambo awo ku Nkaya. Agogo amenewa anagwira ntchito ya njanji moyo wawo wonse, osati m'sitima ayi, koma pansi: kulambula udzu, kuthira miyala, kumanga mabawuti padzuwa. Mwana wawo atakhala dalaivala, ankati akamva sitima yake ankaima m'mbali mwa njanji, chipewa chili pamtima, mpaka ngolo yomaliza itadutsa. Kuseri kwa chithunzi chilichonse bambo ankalemba nambala, malo ndi mmene kunja kunachera. Sankalemba kuti akuyendetsa ndi iwo. Sankalembanso kuti sakuyendetsa ndi iwo. Ku Nkaya mbiri inawanda yoti mwana wa akulu aja akuyendetsa sitima zamagetsi ku Ulaya, ndipo bambo atamva anangokhala duu. Ndinamvapo mayi akuwauza kukhitchini kuti, "Abambo a Tiya, kukhala chete kwanuku ndi bodza ndithu." Bambo anangotsegula mpopi kwambiri.

Lamulungu lina masana, titabwera kutchalitchi, tinaimba foni kumudzi. Masiku amenewo tinkagula khadi pashopu ya pakona, ndipo azakhali a Esinati, mlongo wawo wa bambo, ankawakweza agogo pa njinga mpaka ku Balaka komwe kunali malo oimbirako lamya. Agogo anali atayamba kudwala, miyendo ikutupa. Analankhula ndi bambo, analankhula ndi mayi, kenaka anati awapatse mdzukulu. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo Chichewa changa chinali chitayamba kuterera. Ndinkamva zonse, koma poyankha pankafuna kutuluka Chizungu cha m'misewu ya Shawlands, komwe tinkakhala.

"Tiyamike, ukundimva?"

"Eya, agogo."

"Tandiuza, abambo akowo akadali ndi nkhope?"

Ndinaseka. Iwo sanaseke.

"Sitima ndaziona, mwanawe. Zadzadza chikwama, zokongola ndithu. Koma ine ndatopa, masiku anga si ambiri, ndipo mwana wanga sindinamuone zaka zitatu. Iye ndamupempha, akungoti mawa, mawa. Ndiye ndikutuma iweyo. Unditumizire abambo ako ndiwaone."

Foni inaduka ndisanayankhe. Bambo anandifunsa zomwe agogo amanena, ndipo ndinati amandifunsa za kusukulu. Mawu aja anandilowa mumtima nkukhazikika. Palibe wamkulu anali atandituma ntchito yolemera chotero, ndipo ndinkaopa kuti agogo amwalira ndisanaigwire.

Ndinayesa njira yaulemu. Ndinati, "Adadi, ndikujambuleni kamodzi kokha?" Anati filimu si yoseweretsa. Ndinayesanso tsiku lina atavala suti, anati kunja kulibe kuwala kokwanira. Kamera m'nyumba inali imodzi, ndipo inkagona m'chikwama chawo, chikwamacho pamwamba pa wadirobu. Masabata ankapita, ndipo foni ikalira ndinkadzidzimuka poganiza kuti ndi uthenga wa maliro.

Nthawi yomweyo nawonso bambo anali ndi chawo chowasowetsa tulo. M'kabuku kawo munatsala nambala imodzi yokha ya ma eyite seveni yopanda mzere. Kwa zaka ziwiri mutu umenewo unkatizemba ngati ukudziwa. Unkabwera Lachiwiri iwo ali ku ntchito, kapena kudutsa titangotsika pamlatho. Mu alubamu anausiyira kathumba kake kapulasitiki kopanda kanthu, nambala atalemba kale m'munsi mwake. Ndiye kunamveka kuti mtundu wonsewo akuuchotsa pa njanji, kukubwera sitima zatsopano zopanda mutu wapadera. Bambo ankatsegula tsamba lija, kuyang'ana kathumbako, nkutsekanso.

Lachisanu lina m'mwezi wa Novembala a Ronnie anaimba foni. Iwo bondo linali litawagoneka, sakanatha kukwera masitepe a mlatho, koma mnzawo wina wa kummwera anawatsina khutu kuti mutu uja ukoka sitima yofika ku Glasgow mawa lake chakumasana. Bambo atabweza foni anayenda kuchokera pabalaza kupita kukhitchini nkubwereranso, osadziwa chomwe akukatenga.

Loweruka lake anafika kunyumba akuthamanga. Panalibe nthawi yosintha zovala. Anangotsitsa chikwama cha kamera, ine nkunyamula kreti ndi fulasiki ya tiyi. Basi inachedwa, ndipo titatsika tinathamanga mtunda wonse wotsala. Kunja kunali kutagwa chisanu, khoma la mlatho lili mbuu, mpweya wathu ukutuluka ngati utsi. Koma bambo anafika thukuta lili kamukamu, ndipo mosaganiza anatsitsa zipi ya jekete mpaka pamimba. Kamalaya kobiriwira kaja kanaonekera poyera, nsanza yachikasu ili lende m'thumba. Pamlatho panalibe wina aliyense, tinali awiriwiri.

Tinadikira. Inadutsa sitima yaing'ono ya m'tauni, inadutsa ya katundu. Zala zanga zinachita dzanzi m'magolovesi. Kenaka mawaya anayamba kulira. Bambo anaimirira njo, anamvetsera, ndipo anachita chinthu chomwe sindinachiyembekezere. Anavula lamba wa kamera pakhosi pawo nkundiveka ine.

"Iyi ndikufuna ndiione ndi maso anga, osati pakagalasi," anatero. "Dzanja lako silinjenjemera. Udikire ifike pa mzati wachiwiri uwo, ndiye udine. Mpata ndi umodzi basi, Tiya."

Ankanena zoona. Kamera yathu inali yopukusa ndi chala ukatha kujambula, ndipo pomwe ukupukusa sitima imakhala italowa kale pansi pa mlatho. Ndinavula golovesi ndi mano, ndinaika diso pakagalasi. Nkhope yachikasu inatulukira pakona, yaing'ono ngati bokosi la machesi, timoto tabuluu tikuthetheka padenga. Inakula. Inafika pa mzati woyamba. Apo ndipo ndinatsegula diso linalo nkuyang'ana pambali.

Bambo anali atavula chipewa chawo chaubweya, atachigwira pamtima ndi manja onse awiri. Anaima chilili ngati munthu wa pa perete, mutu wopanda kanthu pamphepo yozizira ija, milomo ikuwerenga nambala chamumtima. Nkhope yotero ndinali nditaiiwala. Inali nkhope ya ku Limbe, ya munthu yemwe ankandinyamula paphewa kukandionetsa mutu wa sitima yake. Sindinganame kuti ndinaganiza mozama. Ndinangomva mawu a agogo m'khutu, ndinatembenuza kamera, ndinadina. Phokoso la sitima linameza zonse, mlatho unanjenjemera pansi pa kreti, ndipo ngolo zinapita zikuthamangitsana kulowera m'tauni.

"Waipeza?"

"Eya, adadi."

Anandinyamula kunditsitsa pa kreti ngati kamwana, akuseka. Anatsamiritsa kabuku pakhoma, anatulutsa rula, najambula kamzere kaja mwaphuma, mpaka kanapindika pang'ono kumapeto. Pobwerera analowa m'kanyumba ka foni kukawauza a Ronnie, ndipo ndinkawamva kunja akufuula Chizungu chosakaniza ndi Chichewa. Anandigulira tchipisi chothira viniga, chotentha, chokulunga m'pepala. Ndinkachikonda kwambiri, koma tsiku limenelo sichinandikomere.

Sabata yotsatirayo inali yaitali kuposa zonse za ubwana wanga. Filimu anakaipereka Lolemba pashopu yotsuka zithunzi ku Shawlands. Ine ndinkapemphera kuti ipse yonse, kenaka nkupempheranso kuti isapse, mpaka ndikukhulupirira kuti kumwamba anatopa nane. Bambo ankaimba nyimbo za kwaya posamba. Anapukuta alubamu ndi nsalu, naiika patebulo podikira.

Tinakatenga zithunzizo Loweruka, mvula ikuwaza. Sanathe kupirira mpaka kunyumba. Anatsegula envulopu pakhonde la shopu pomwepo. Anapatula chimodzichimodzi mwachangu, ya katundu, ya m'tauni, ina ya sabata zapitazo. Kenaka manja anaima.

Ndinasuzumira. Chithunzi chinatuluka bwino zedi, ndipo zimenezo zinangowonjezera mlandu. Bambo anadzaza pafupifupi pepala lonse, chammbali, chipewa pamtima, diso likunyezimira, imvi zomwe sindinkadziwa kuti ali nazo zikuoneka pamwamba pa khutu. Masaya anali olowa. Jekete inali yotsegula, kamalaya kobiriwira kali poyera, nsanza yachikasu ili lende. Mutu wa sitima womwe anaudikira zaka ziwiri unali kachidutswa kosaoneka bwino pakona yam'munsi, kopanda nkhope, kopanda nambala.

Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anthu ankatilambalala ndi maambulera awo.

"Nambala ili kuti?" anafunsa motsitsa.

Ndinazyolika.

"Ndinakupatsa ntchito imodzi, Tiyamike. Imodzi yokha."

Ndinayamba kufotokoza m'Chizungu, mawu akugundana, koma ndinaona kuti sakumva. Ndiye ndinasonkhanitsa Chichewa changa chonse nkunena kuti, "Agogo anandituma. Anati ndikutumizeni inuyo akuoneni."

Nkhope yawo inasintha, koma sinafewe. Anayang'ananso chithunzicho, ndipo ndinaona kuti maso awo sali pa sitima, ali pa kamalaya kaja. Anachilowetsa m'thumba lam'kati, anakoka zipi mpaka pakhosi, nayamba kuyenda. Powoloka msewu anandigwira dzanja monga mwa masiku onse, koma titangofika tsidya linalo analisiya.

Sanandimenye, sanandikalipire. Bwenzi atatero, nkhani ikanatha tsiku lomwelo. Anangonditsekera kunja. Loweruka ankapita okha kumlatho, ndipo kreti yanga inalowa pansi pa sinki, mayi nkumasungiramo mbatata. Ankandilankhula zofunika zokha: wadya, wamaliza za kusukulu, zimitsa magetsi. Mutu uja sunabwerenso ku Glasgow tikuona, ndipo pasanapite nthawi mtundu wonsewo unachoka pa njanji ija. A Ronnie atamva anabwera akutsimphina ndi chithunzi chawo chakale cha mutu womwewo. Bambo anachilandira ndi manja awiri, anathokoza kwambiri, nachiika m'dirowa. Mu alubamu simunkalowa chithunzi cha dzanja la munthu wina wakunja kwa nyumba. Kathumba kaja kanakhalabe kopanda kanthu.

Ndinamva chisoni, koma ndinakwiyanso. Ndinkaona kuti ndawalanda chinthu chomwe sichidzabwereranso, ndipo zinkandipweteka. Komanso ndinkaona kuti bambo anga, munthu yemwe ndinkamuyesa wosaopa kanthu, akuopa kapepala. Ndinawauza mayi zimenezi tikutsuka mbale. Anandiyang'ana nati, "Usawaweruze abambo ako usanakolopeko pansi pa anthu. Asiye, akulimbana ndi zawo." Choipa koposa chinali chakuti ntchito yomwe agogo anandituma inali isanathe. Chithunzi chinalipo, koma chinali m'thumba la jekete ku Shawlands, ndipo ku Nkaya miyendo inkatupirabe.

Khirisimasi itayandikira, mayi wina wa kutchalitchi kwathu ankapita kumudzi. Mwambo wathu unali wakuti Lamulungu lomaliza aliyense ankamubweretsera wapaulendo makalata ndi timaphukusi, mpaka munthuyo nkumadandaula kuti zovala zake aziika pati. Titatuluka m'mapemphero ndinawaona bambo akudikira kuti anthu achepe. Kenaka anapita kwa mayiyo, anatsitsa zipi pang'ono, natulutsa kaenvulopu koyera, nakapereka ndi manja awiri. Sanandiyang'ane. Pobwerera m'basi mayi anandifinya bondo, ndipo ndinadziwa.

Agogo anamwalira patatha miyezi iwiri, kwathu mvula ili m'kati. Bambo anakwera ndege, koma anafika ataika kale. Anakhalako masabata atatu, nabwerako atada ndi dzuwa, ali wochepa thupi kuposa kale. Loweruka loyamba atabwerako ndinadzuka nkupeza mbatata zili m'beseni, kreti ili pakhomo.

Tinayenda mpaka pamlatho. Ndinakwera pa kreti, ngakhale kuti ndinali nditatalika moti kretiyo siinkafunikanso kwenikweni. Bambo sanatulutse kamera. Anatsamira khoma, akuyang'ana mawaya.

"Agogo ako ankadziwa," anatero.

Ndinatembenuka kuwayang'ana.

"Ndinalemba zoona kuseri kwa chithunzi chija. Azakhali ako akuti atawawerengera, agogo anaseka mpaka kutsokomola. Akuti, 'Kodi Lyson amandiyesa mwana? Zithunzi zonse zija zikuonetsa denga la sitima. Woyendetsa sitima denga amaliona liti? Ine ndinadziwa pa chithunzi choyamba kuti ameneyu amaima pamlatho.'"

Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Akutinso, 'Ine ndinalambula udzu m'njanji mpaka msana kupindika, iye nkuphunzira ndi udzu womwewo. Lero azichita manyazi ndi chokolopera, kwa ine?' Zaka zitatu, Tiya. Ankangondidikira kuti ndinene ndekha."

Mawaya anayamba kulira, koma bambo sanatembenuke.

"Akuti chithunzicho ankagona nacho m'thumba la malaya. Aliyense wobwera kudzawazonda ankamuonetsa. Ankati, 'Taonani mmene waimira mwana wangayu. Ndi mmene ndinkaimira ine.'"

Apo misozi inayamba kutsika. Sitima inadutsa pansi pathu ndi chiphokoso chake, ndipo kwa nthawi yoyamba palibe anawerenga nambala. Ndinali ndisanawaonepo bambo akulira, ndipo sindinadziwe koyang'ana, ndiye ndinayang'ana nsapato zanga. Patapita nthawi anatsegula fulasiki, anathira tiyi m'chivindikiro, nandipatsa ine poyamba. Sananene kuti pepa, sananene kuti zikomo, ndipo za mutu uja sitinazitchulenso. Ndinkaganiza kuti anandikhululukira chifukwa cha maliro, koma kuti mumtima mwawo ndinali ndikadali mwana yemwe anaononga chithunzi. Ndinakula ndi maganizo amenewo.

Chinasintha ndi zipi. Kuyambira chaka chimenecho ankaweruka jekete ili yotsegula, kamalaya kobiriwira kali poyera, nkumapereka moni kwa anthu a kutchalitchi pamsewu waukulu wa Shawlands. Pojambulitsa ankaima nawo pamzere, kumbuyo kwenikweni, nkhope ili gwa ngati akudikira jakisoni.

Lero zinthu ndi zina. Sitima zambiri zodutsa pa Polmadie zilibenso mutu wapadera. Kutsogolo ndi kumbuyo nchimodzimodzi, ndipo kwa ine zonse zimafanana. A Ronnie anatisiya kalekale. Shopu yotsuka zithunzi ija tsopano amagulitsamo khofi. Nkhope sizisowanso: azakhali a Esinati amandiimbira pafoni ndikuwaona, nkumandiuza kuti ndanenepa, ndipo ana anga amajambula chilichonse, ngakhale chakudya, kakhumi kakhumi, nkufufuta zomwe sizinawasangalatse. Sadziwa mantha a munthu yemwe ali ndi mpata umodzi wokha ndi zinthu ziwiri zoti ajambule. Sindiwachitira nsanje, koma nthawi zina ndimawamvera chisoni pang'ono.

Bambo anamwalira chaka chatha, nyengo yozizira. Patatha mwezi ndinapita kukathandiza mayi kulongedza katundu wawo. Pamwamba pa wadirobu panali chikwama cha kamera, ndipo pansi pake panali alubamu ija, yomwe ndinali ndisanaitsegule kuyambira ndili mwana chifukwa sindinkafuna kuona kathumba kopanda kanthu. Ndinakhala pabedi nkuyamba kutsegula masamba. Madenga okhaokha, limodzi pambuyo pa linzake, monga ananenera agogo.

Kathumba kaja sikanali kopanda kanthu. Munali bambo, chipewa pamtima, nambala ya mutu uja ili m'munsi mwawo. Anachitenga ku Nkaya pobwera kumaliro. Pepala lake linali lofewa ngati nsalu, makona atatha, pakati pali chidindo cha chala chofiirira ndi dothi la kwathu. Ndinachisolola mosamala nkuchitembenuza.

Pamwamba analemba monga mwa chizolowezi chawo: nambala, Polmadie, kunja kwa chisanu. M'munsi mwake munali mawu awa: "Bambo, ndine Lyson. Sitima ili pakonayo sindiyendetsa ine. Ntchito yanga kuno ndi yokolopa, ndipo malaya mukuwaonawo ndi a ntchitoyo. Ndili bwino. Wajambula ndi mdzukulu wanu Tiyamike, ndipo sanalakwitse."

Ndinapita nacho pawindo kuti ndione ngati mawu omalizawo anachita kuwonjezera pambuyo pake, atakalamba, mtima utazizira. Ayi. Bolopeni yake inali imodzimodzi, dzanja lake limodzimodzi, mzere umodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anawalemba masabata omwe aja ankapita okha kumlatho, kreti yanga ili pansi pa sinki ndi mbatata.